Harrier kapena Honda Fit: kakwezenimo amayi kaye musanalipire

Achemwali, ndawerenga funso lanu loti mugule Toyota Harrier kapena Honda Fit, poti muli ndi ana atatu komanso amayi ovutika chiuno amene mumawatenga ku Ntcheu kubwera nawo kuchipatala kuno ku Lilongwe. Za hybrid ndi batire ena ayankha kale, ndisabwereze. Ine ndikamba za malo a mkati ndi mipando, chifukwa pamenepo ndi pomwe ndinataya ndalama zambiri. Anzanga amene alemba kuti "tengani yayikulu basi, muzikaoneka bwana kumudzi" ndikuwapempha aganizenso, chifukwa amene azikhala kumbuyo maola atatu ndi munthu wodwala.

Zaka zingapo zapitazo ndinagula SUV ya ku Ulaya, ija ya denga lotsetsereka chakumbuyo, mipando yachikopa, matayala a 19 inchi. Ndinaisankha pazithunzi, wogulitsa n'kunditsimikizira kuti m'katimo ndi ngati pabalaza. Tsiku loyamba kukatenga amayi anga kumudzi ndi lomwe ndinadziwa kuti ndalakwitsa. Khomo lakumbuyo linali laling'ono, pansi pake patali ndi nthaka, denga lotsika. Amayi anayenera kukweza mwendo wodwalawo kwambiri, nthawi yomweyo n'kuwerama kuti mutu usagunde. Anagwira chitseko ndi dzanja limodzi, lina ndodo, duku n'kuvuka, ndipo mpaka mlongo wanga anachita kuwakankha kumsana. Atakhala pansi mawondo anagunda mpando wakutsogolo. Zenera lakumbuyo linali kamzere chabe, moti tisanafike ku Dedza anayamba kudandaula nseru. Mwezi unali wa Okutobala, galimoto inakhala padzuwa, ndiye chikopa chija chinatentha mpaka tinachita kuyala chitenje. Patapita miyezi iwiri kamota kosunthira mpando wa dalaivala kanafa mpando uli kutsogolo kwenikweni, ndinayenda milungu itatu mawondo ali pachiwongolero kudikira sipeya kuchokera ku Johannesburg. Ndinaigulitsa motchipa, mtima ukuwawa.

Pano ndili ndi Fit ya 2014, ndipo Harrier ya alamu anga ndayendetsapo kangapo kupita ku Blantyre, ndiye zonse ziwiri ndakhalamo.

Fit imanamiza maso. Kunja ndi kagalimoto, koma a Honda chiyambire mu 2001 anaika thanki ya mafuta pansi pa mipando yakutsogolo, osati pansi pa yakumbuyo monga zilili m'magalimoto ambiri. Chifukwa cha chimenecho pansi pake kumbuyo ndi potsika, ndipo mpando wakumbuyo umapindika njira ziwiri. Mukhoza kuugoneka n'kukhala malo afulati kuchokera ku buti, kapena kunyamula pokhalira pake n'kupaimika, n'kutsala malo kuchokera pansi mpaka kudenga. Ine njinga ya olumala ya amayi ndimaipinda n'kuiimika pamenepo, osachotsa katundu ku buti. Tikamabwerera timaima pa Lizulu kugula kachewere, kabichi ndi tomato, zonse zimalowa. Malo a miyendo kumbuyo, ine wamtali ndithu ndimakhala kumbuyo kwa mpando wanga womwe mawondo osagunda. Denga nalonso ndi lokwera, mayi wovala duku lalitali sawerama.

Koma ndisakunamizeni, Fit ili ndi malire ake, ndipo a inu ndi awa. Ndi yopapatiza. Ku Japan magalimoto ang'ono sapitirira mamita 1.7 mulifupi, ndiye Fit ndi 1,695 mm, pomwe Harrier imadutsa 1,830 mm. Kusiyana kwa masentimita pafupifupi 14 kumaoneka kochepa papepala, koma mukaika mpando wa khanda mbali imodzi, amayi mbali inayo, wapakatiyo amafinyika mapewa. Ana atatu okha angathe. Ana atatu kuphatikiza agogo ndi inu woyendetsa ndiye kuti mipando isanu yadzaza, palibenso wowasamalira panjira, ndipo zimenezi ndi chimodzimodzi pa Harrier, nayonso ndi ya anthu asanu. Musamve zoti poti ndi yayikulu ndiye mupanikizamo asanu ndi awiri, malamba ndi asanu basi.

Chachiwiri, mpando wa Fit ndi wopyapyala. Kuti upindike choncho anauchepetsa thonje, ndipo pokhalira pake ndi pafupi, sipafika bwino kunsi kwa ntchafu. M'tauni simungamve kanthu. Koma Lilongwe mpaka Ntcheu ndi makilomita pafupifupi 160, ndipo ndikafika ku Blantyre, ulendo wopitirira 300, msana wanga umandiuza. Phokoso la matayala limamvekanso kwambiri, ndipo dzenje lililonse la mumsewu limafika m'chiuno. Ndi yotsikanso. Ikadzaza anthu ndi thumba la chimanga la 50 kg, pa mahampu muyenera kudutsa chopingasa, ndipo ngati kwanuko mumasiya phula n'kulowa msewu wafumbi wokumbika ndi mvula, mudzakhala mukukhula pansi Januwale yense.

Harrier pa nkhani ya mpando yapambana, apa palibe kutsutsana. Mpando ndi wonenepa, wakumbuyo umatsamira, m'katimo muli zii, munthu amagona tulo. Kutalika kwake kuli pakati, sikufika pa Prado yomwe munthu amachita kukwera ngati akukwera lole. Kwa wodwala chiuno izi n'zofunika kwambiri, chifukwa mpando ukakhala pa msinkhu wa m'chiuno munthu amangotembenuka n'kukhala, pomwe pa galimoto yotsika kukhala n'kosavuta koma kudzuka ndiye ntchito. Amayi anga mu Fit ndimawaika kutsogolo, mpando n'kuubweza kumbuyo kwenikweni, ndipo potsika ndimawapatsa mkono. Dziwaninso kuti Harrier zilipo zosiyana. Yakale ija ndi galimoto imodzi ndi Lexus RX, pomwe yoyambira mu 2013 inamangidwa pa maziko a RAV4. Ndiye wina akamati "Harrier ndi yotakasuka" mufunseni akunena ya chaka chiti. Ndipo ngati ili ndi denga lagalasi, khalanimo kumbuyo muone mutu wanu, chifukwa galasilo limadya malo a kudenga.

Chenjerani ndi zinthu izi, chifukwa ogulitsa sanena. Mipando yachikopa ya galimoto yoti yayenda zaka khumi imakhala itang'ambika m'mbali mwa dalaivala, ena amabisa ndi makavala atsopano. Vulani kavala muone. Mabatani onse a mpando wamagetsi muwadine, kutsogolo, kumbuyo, m'mwamba, pansi, mumvetsere ngati mota ikulira movutikira. Matayala aakulu okhala ndi labala wopyapyala amaoneka bwino koma amaumitsa galimoto, ndipo limu imapindika pa dzenje limodzi. Pa misewu yathu 17 inchi ndi yabwino kuposa 19. Komanso galimoto yofewa kwambiri, yoyenda ngati bwato, nthawi zambiri ndi ma shock otha, ndipo ana amasanza m'menemo. Kanikizani pakona ya galimoto ndi manja awiri n'kusiya, ikapitiriza kudumphadumpha dziwani kuti muli ndi bilu.

Za mitengo, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zimasintha mwezi ndi mwezi, ndiye ndingokupatsani moyerekeza. Harrier ya chaka chofanana ndi Fit muyembekezere kulipira kawiri kapena kuposa, makamaka poti msonkho wa MRA umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo apa tikufananitsa injini ya Fit ya malita 1.3 kapena 1.5 ndi ya Harrier ya malita 2.0 kapena 2.4. Tayala limodzi la Harrier ndi pafupifupi awiri a Fit. Mafuta, Fit yanga imandipatsa makilomita 15 kapena kuposerapo pa lita paulendo wautali, pomwe ya alamu ya 2.4 imazungulira pa 9 kapena 10.

Chomwe ndikanachita ndikanakhala inu, ndikanayang'ananso Toyota Sienta kapena Honda Freed. Sizokongola ngati Harrier, koma zitseko zake n'zotsetsereka, pansi ndi potsika, ndipo zambiri zili ndi mizere itatu ya mipando, ndiye mtsikana wowasamalira amayi angakwere nawo. A Toyota amapanganso mtundu wotchedwa Welcab, wina wake mpando wakutsogolo umatembenukira kukhomo kuti wodwala akhale mosavuta, ndipo pa masamba oitanitsira magalimoto ku Japan zimapezeka mukalemba dzinalo.

Ngati zatsala ziwiri zomwe mwatchulazo, ndipo ulendo wa ku Ntcheu ndi wa mwezi ndi mwezi, tengani Harrier ya mipando yansalu ndi matayala a 17 inchi. Ngati ndi kamodzi pa miyezi itatu, Fit ikukwanirani. Koma musatumize ndalama pazithunzi. Bwerekani ya mnzanu Loweruka lina, mutenge amayi, ana onse ndi mpando wa khanda, amayi akwere ndi kutsika kawiri popanda wowathandiza, kenako muyende mpaka pa Nathenje n'kubwerera. Fit yanga ilipo ngati mukufuna kuyesera, mundilembere ku inbox tipangane tsiku.