Timabokosi ta ndolo: makina akhoza kudikira

Achimwene, mwafunsa ngati mungayambe kukhoma timabokosi tosungiramo ndolo ndi mikanda popanda makina, komanso thabwa loyenera ndi liti. Mungathe ndithu. Ine ndimakhomera pakhonde kuno ku Kapata Loweruka masana, ndipo zida zanga ndi sowo ya mano ang'onoang'ono, pulena, tchizulo ndi sikweya basi.

Musathamangire kugula thabwa lathunthu. Pitani kwa akalipentala okhoma zitseko ndi mabedi, mukapemphe zidutswa za mukwa, womwe ena timati mlombwa. Mukwa ukauma bwino supindika wambawamba, chiswe sichiukonda, ndipo mizere yake njokongola kale. Mbawa nayonso ili bwino. Paini ngofewa, phunziriranipo kudula. Mukula wokha usiyeni, uli ndi malamulo ake okhwima, mungalowe m'mavuto ndi a Forestry chifukwa cha kabokosi ka ndolo.

Koma nkhani yagona pa kuuma. Kabokosi kanga koyamba ndinakakhoma mu Januwale, mvula ili pakati, ndi thabwa lomwe wogulitsa analumbira kuti ndi louma. Pofika Okutobala chivindikiro chinali chitapindika ngati tsamba la fodya, moti mayi a kunyumba anangokasandutsa kosungiramo mabatani. Masiku ano zidutswa ndimazisanja pansi pa bedi, timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, zikhale mwezi kapena iwiri ndisanazigwire. Dziwaninso kuti thabwa limafufuma ndi kufota m'lifupi, osati m'litali. N'chifukwa chake la pansi ndi la pamwamba ndimalilowetsa m'kangalande kosema m'mbali, osapaka guluu, lizisuntha lokha nyengo ikasintha.

M'mbali mupale mpaka mamilimita 10, kupitirira apo kabokosi kamaoneka ngati njerwa. Makona dulani pa madigiri 45. Ndiye nayi nzeru yomwe ndinachedwa kuidziwa: matani kabokosi konse kotsekeka, guluu akauma mudule chivindikiro ndi sowo kuzungulira. Chimakhala ndendende, mizere ya thabwa n'kumalumikizana.

Zopanira musagule. Kuno kwathu njinga ndi mbwee, chubu chakutha simungachisowe. Chekani malegeni, kulungani kabokosiko mokoka, kenako yezani kuchoka pakona kufika pakona yopingasa, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikasiyana, finyani pang'ono guluu asanagwire. Wotuluka m'mphepete mupukute msanga ndi kansalu konyowa, apo ayi adzaonekera ngati chipsera.

Sandipepa yambani ndi wokhakhala wa nambala 80, kenako 120, kumalizira wosalala wa 220, motsata mizere ya thabwa. Vanishi wambiri pa mukwa ine sindigwirizana naye, kabokosi kamangonyezimira ngati pulasitiki. Ndimapaka mafuta a linseed, akauma n'kupukutira phula la njuchi.

Pa mahinji, yambani mwaboola kabowo ndi kamsomali, chifukwa timasikuluu tating'onoti timathyokera mkati. Pansi muyalepo kachidutswa ka chitenje, atelala amangotaya.