Foni imene sinamve moni wa amayi anga

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga kawiri usiku wathawu. Mukuti mukuchita PhD yokhudza mmene anthu amalankhulira ndi makina omvera mawu, monga Siri ndi Alexa, ndipo mukufunsa ngati n'kwanzeru kufufuza za olankhula Chichewa pomwe makinawo Chichewa sachimva bwino. Mwandikumbutsa chinthu chimene chimandiwawabe.

Amayi anga ku Ntcheu sukulu analekera panjira, ndipo maso anayamba kuchita chidima. Chaka chatha ndinawagulira foni yamakono, n'kuwauza kuti akhoza kungoiuza kuti iimbire mlongo wanga, osavutika ndi zilembo. Anailandira ndi manja awiri. Kenaka anati, "Muli bwanji kumeneko? Pepani, ndimati ndilankhuleko ndi mwana wanga wa ku Lilongwe." Foni inayankha m'Chingerezi kuti sinamve. Anabwereza mokweza. Kachitatu anaiika pamphasa nati, "Zisiye mwanawe, ine ndine mbuli."

Amayi si mbuli. Ndi omwewo amene amanditumizira mawu a mphindi zisanu pa WhatsApp, kufotokoza za maliro, za feteleza ndi za mbuzi yotayika, osasokoneza kanthu. Tsikulo anachoka akudziona opepuka chifukwa cha chida chimene ndinawagulira ine. Sindinagone bwino.

Siri inabwera mu 2011, Alexa mu 2014, Google Assistant mu 2016, ndipo zonsezi zimafuna kuti uitchule dzina, ulamule, basi. Kwathu kutuma munthu usanamupatse moni ndi mwano. Munthu wamkulu salamula, amazungulira kaye, amati "ndimati" kapena "mwina mungandithandizeko". Ine ndafika potsimikiza kuti vuto si mawu okha a Chichewa. Ngakhale mawa makinawo ataloweza mawu athu onse, adzalepherabe ngati sadziwa kusiyanitsa iwe ndi inu.

Ndiponso ngakhale eni Chingerezi samvedwa mofanana. Mu 2020 ofufuza a ku yunivesite ya Stanford ku America anayesa makina a makampani asanu akuluakulu, napeza kuti pa mawu 100 aliwonse ankaphonya pafupifupi 35 akamalankhula Amereka akuda, koma 19 okha akamalankhula azungu. Nanga gogo wa ku Ntcheu? Mu 2023 kampani ya Meta, eni ake a Facebook ndi WhatsApp, inatulutsa makina ozindikira mawu m'zilankhulo zoposa 1,100, ndipo anawaphunzitsa kwambiri ndi mawu a anthu owerenga Chipangano Chatsopano. Ndi ntchito yotamandika, koma wowerenga Baibulo salankhula ngati mayi wotsatsa tomato pa Lizulu, amene amasakaniza Chingerezi, amadula mawu, galimoto zikulira pambali. Onjezani kakwezedwe ka mawu: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba mofanana, koma khutu limasiyanitsa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti amene akufunikira zidazi kwambiri ndi omwe sakumvedwawo. Chipatala Cha Pa Foni, kumene anthu amaimba foni kufunsa uphungu wa zaumoyo, chinayamba ku Balaka mu 2011, ndipo anthu anachikonda chifukwa ankalankhula chilankhulo chawo, wina n'kumamvetsera modekha.

Tsono muchite chiyani?

Musadikire kuti makinawo akhwime. Cha m'ma 1980, John Kelley, nayenso akuchita PhD ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America, ankabisa munthu kuti aziyankha ngati kompyuta, iye n'kumaona mmene anthu amalankhulira nayo. Njirayi imatchedwa Wizard of Oz ndipo ikugwirabe ntchito. Chitani zomwezo m'Chichewa. Pitani kumudzi, yambirani kwa amfumu, pemphani chilolezo musanajambule mawu a munthu, ndipo pomaliza muwauze zoona kuti amayankha uja anali munthu. Lembani moni wawo, kuzungulira kwawo, ndi pamene agwa ulesi. Mukafuna woyamba kucheza naye, ndidzawafunsa amayi. Foni ija ilipobe, ili m'chikwama chawo cha kutchalitchi.