Kodi kupsa mtima msanga ndiye kuti chiwindi chadwala?

Mayi ena anditumizira imelo, akuti: "Masiku ano ndikumapsa mtima ndi tinthu tating'onoting'ono, tulo sindikugona bwino. Mnzanga amene amagulitsa ma tiyi achi China akuti vuto ndi chiwindi changa. Ndi zoona? Ndigule?"

Mayi, mnzanuyo sanapeke ayi, zimenezi zilimodi m'mabuku a asing'anga achi China, kungoti chiwindi chomwe iwo amanena si chija amayeza magazi kuchipatala. Ndi dzina chabe la gulu la ntchito za m'thupi malinga ndi kaonedwe kawo, moti mutha kuuzidwa kuti mphamvu ya chiwindi, yomwe iwo amati qi, yatsekeka koma dokotala akakuyezani n'kupeza chiwindi chili bwinobwino.

Nkhaniyi inayambira m'buku la Huangdi Neijing, lomwe linalembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo nthawi ya mafumu a Han. Mmenemo amati mkwiyo umapweteka chiwindi, kuganiza kwambiri kumapweteka kapamba, chisoni mapapo, mantha impso, ndipo chimwemwe chopyola muyeso nachonso chimapweteka mtima, eee ngakhale kusangalala! Amati m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi, ndiye ukakwiya imathamangira kumutu n'chifukwa chake mutu umawawa maso kufiira, ukachita mantha imatsika pansi, ukamangoganiza imamangika ngati mfundo ya chingwe chakudya osalowa. Ine chomwe chimandisangalatsa n'choti sananene kuti musamakwiye kapena musamalire, vuto amaliona pamene chinthu chimodzi chanyanya kapena chakhalitsa osachoka.

Ndipo si nthawi zonse ankapereka mankhwala akumwa. Sing'anga wina, Zhang Congzheng, yemwe anamwalira mu 1228, anathandiza mayi amene anaopsezedwa ndi achifwamba usiku, moti kuyambira pamenepo akangomva phokoso ankakomoka. Mankhwala a asing'anga ena analephera. Iyeyo anamukhazika pa mpando, atsikana awiri atamugwira manja, n'kumamenya ka tebulo ndi mtengo pamaso pake, kumenya kumenya mpaka mayiyo anazolowera osadzidzimukanso. Madokotala a maganizo a masiku ano amachitanso zofananako, kuzoloweretsa munthu pang'onopang'ono chinthu chomwe amachiopa.

Tsono za ma tiyi. Mankhwala odziwika kwambiri pa vuto longa lanuli ndi Xiao Yao San, a nthawi ya mafumu a Song, mumakhala mizu ingapo kuphatikiza jinja ndi muzu wotsekemera wotchedwa gan cao (licorice). Gan cao ameneyu mukamamwa kwa nthawi yaitali amakweza BP, ndiye ngati muli kale pa mankhwala a BP kapena ma ARV musayerekeze kumwa musanafunse kuchipatala. Komanso ku China komweko sing'anga amayamba wakugwira mtsempha wa padzanja, kuyang'ana lilime, kufunsa za kagonedwe ndi msambo kenako n'kusakaniza zoyenera iweyo, osati paketi imodzi ya aliyense yogulitsa pa WhatsApp. Ku Belgium cha m'ma 1990 azimayi ambiri anaonongeka impso chifukwa cha mankhwala ochepetsa thupi momwe munalowa chomera cha Aristolochia molakwika, ndiye za paketi yosadziwika kochokera ine ayi.

Zomwe mungatengeko kwaulere ndi zomwe buku lija la Huangdi Neijing limalimbikitsa, kugona ndi kudzuka nthawi yofanana, kudya mosapyola muyeso, osadzipanikiza ndi ntchito mpaka kutheratu. Yesaninso Baduanjin, masewero asanu ndi atatu oyendetsa thupi pang'onopang'ono uku mukupuma mozama, mavidiyo ake ali mbwee pa YouTube ndipo mphindi 15 zimakwana.

Koma kusowa tulo kukapitirira masabata angapo pitani kuchipatala akakuyezeni BP ndi chithokomiro, ndipo muwauze za maganizowo osabisa. Mnzanuyo akabweranso mufunseni akuonetseni mndandanda wa zomwe zili mu tiyimo, muujambule mukaonetse adokotala.