Ad Astra: dzina lake ndi la nyenyezi, koma palibe wofikako

Achimwene, mwafunsa kuti dzina loti Ad Astra limatanthauza chiyani, komanso bwanji filimu imene munkayembekeza kuti mukhala nkhondo za m'mlengalenga yangokhala ya munthu wodziguguda mumtima kwa maola awiri. Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi. Koma amene simunaionere ndipo simufuna kumva mathero ake, lekezani pompano.

Mawuwa ndi a Chilatini, ndipo amatanthauza "kunka ku nyenyezi". Sanawapeke ndi James Gray, yemwe anatsogolera filimuyi mu 2019. Mlakatuli wa ku Roma, Virgil, anawalemba zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuyenda pa mabaji ndi zipilala. Asilikali a ndege a ku Britain, a RAF, mwambi wawo ndi "Per ardua ad astra", kutanthauza kuti ku nyenyezi amafikako podzera m'masautso. Chigawo cha Kansas ku America chili ndi wofanana nawo, "Ad astra per aspera", ndipo mawu omwewa analembedwa pa chikumbutso cha anthu atatu a ku America amene anapsera m'chombo cha m'mlengalenga cha Apollo 1 pa 27 January 1967, chisananyamuke n'komwe. Ndi mawu amene akuluakulu amalankhula potuma anyamata kumalo oopsa, n'kudzawabwerezanso pamaliro awo. Gray anatengako mbali yokoma yokha n'kuiika pa dzina. Mbali ya masautso imene anaidula ndiyo mwaionera maola awiri aja.

Onaninso kumene ulendowo ukuthera. Roy McBride, yemwe akuseweredwa ndi Brad Pitt, akuchoka pa dziko lapansi, kudzera kumwezi ndi ku Mars, mpaka kukafika ku Neptune. Kumeneko n'kutali ndithu, makilomita pafupifupi 4.5 biliyoni kuchokera ku dzuwa, ndipo chombo chenicheni chimene chinadutsako ndi chimodzi chokha, Voyager 2, mu 1989. Koma Neptune akadali m'banja la dzuwa lathu lomweli. Kuwala kwa dzuwa kumafikako m'maola anayi okha, pomwe kuti kufike pa nyenyezi yapafupi kwambiri, Proxima Centauri, kumatenga zaka zoposa zinayi. Zili ngati munthu wotsanzika mudzi wonse kuti akupita ku Joni, n'kukathera pa golosale ya kumapeto kwa msewu. Mu filimu yonseyi palibe ndi mmodzi yemwe wofika ku nyenyezi, ndipo ine sindikhulupirira kuti zinangochitika mwangozi.

Mwini mawu oti "ku nyenyezi" ndi bambo ake a Roy, a Clifford McBride, omwe akuseweredwa ndi Tommy Lee Jones. Iwowa ananyamuka zaka 29 zapitazo ndi gulu la Lima Project kukafufuza ngati kunja kuno kuli zamoyo zina zanzeru, ndipo patha zaka 16 osamveka. Pachichewa munthu wotere tili nalo dzina lake: mtchona. Ambiri a ife tinakula tikumva za agogo kapena amalume amene anapita ku migodi pa Wenela, makalata n'kumabwera zaka ziwiri zoyamba, kenako zii. Mwana wa mtchona amakula ndi chithunzi cha pakhoma, ndipo chithunzi sichilakwa. Roy naye wakulira pansi pa chithunzi chotere, kusiyana kwake n'kwakuti chake chapachikidwa ndi boma, ndipo aliyense wokumana naye amamuuza kuti bambo ake anali ngwazi.

Taonani zimene zamuchitikira. Mtima wake sugunda kupitirira ka 80 pa mphindi, ngakhale pamene akugwa kuchokera pa chinsanja chofika m'mlengalenga koyambirira kuja. Mabwana ake amamutama nazo. Pafupipafupi amayankha mafunso a makina oyeza maganizo, amanena kuti ali bwino, makinawo amavomereza. Chonsecho mkazi wake Eve anamuchokera, chifukwa m'nyumba ankakhala ndi munthu amene thupi lili pomwepo koma mtima uli kwina. Kufatsa kumene ntchito ikumuyamikira ndi matenda omwe anatengera kwa bambo ake. Nthawi yoyamba imene mtimawo ukuthamanga ndi ku Mars, atasiya kuwerenga uthenga wopita kwa bambo ake umene akuluakulu anamulembera, n'kuyamba kulankhula ndi bambowo ngati mwana. Pomwepo akumuchotsa pa ntchitoyo kuti sali bwino m'mutu. Pa filimu yonse, apa ndi pamene pamandikhudza kwambiri.

Za kumwezi sizifuna kufotokoza kwambiri. Kwasanduka ngati bwalo la ndege, mashopu ali mbwee, bulangete ndi pilo za m'chombo akugulitsa madola 125, ndipo kunja anthu akuomberana mfuti polimbirana miyala ya mtengo wapatali. Munthu wasamuka ndi khalidwe lake lomwe. Anyani olusa amene Roy akukumana nawo panjira m'chombo chofufuzira cha ku Norway, omwe ambiri amati angoikidwamo kuti tisagone, Roy mwini akuwamasulira: ukali umene wauona mwa nyaniyo anauonapo mwa bambo ake, ndipo akuuona mwa iye mwini.

Pali chinthu chimodzi chimene sindigwirizana nacho. Ku Mars, Helen Lantos, mkulu wa malowo, akuonetsa Roy umboni woti a Clifford anapha anzawo a m'gulu amene ankafuna kubwerera kwawo, kuphatikizapo makolo a Helen. Patangopita nthawi yochepa Roy akulowa mokakamiza m'chombo cha Cepheus chopita ku Neptune, ndipo anthu atatu a m'chombomo akufa pa mpungwepungwe umene iye wayambitsa. Ndikumva chimene Gray akufuna kunena, kuti mwana wayamba kuponda m'mapazi a bambo ake. Ngakhale dzina la chombocho likuloza komweko, poti m'nthano za Agiriki Cepheus inali mfumu imene inamangirira mwana wake wamkazi Andromeda pathanthwe ngati nsembe. Koma anthu atatu aja anali ndi abale awo, ndipo filimu ikumukhululukira Roy mwachangu kwambiri. Pofika kumapeto palibe akuwatchulanso.

Atayenda yekha masiku 79, akuwapeza bambowo: nkhalamba ya ng'ala m'maso, yokhala pakati pa mitembo. Akumuuza mosapsatira kuti iye ndi mayi ake sanawalabadireko n'kamodzi komwe. Ndipo chimene anasiyira banja sanachipeze. Zaka zonsezo makina awo anajambula maiko ambirimbiri okongola, koma opanda chamoyo. Kwa iwo kumeneku n'kulephera, n'chifukwa chake akukana kubwerera. Roy akuona zithunzi zomwezo n'kumvapo zina: ngati kunjaku kulibe wina, ndiye kuti anthu amene tawasiya kumudzi ndi okhawo amene tili nawo. Tsono pamene awiriwa alumikizidwa ndi chingwe kunja kwa chombo, bambo n'kumakokera kumdima akumuuza kuti awasiye, Roy akumasula chingwecho. Anapita kukatenga mtchona, koma mtchona wina sabwerera ngakhale mutamulipirira basi.

Mukanena kuti mawu a mumtima mwa Roy achuluka, ndikuvomerezani. Nthawi zambiri akutiuza zimene nkhope ya Pitt yanena kale. Zodutsa m'mphete za Neptune atadzitchinga ndi chitsulo, komanso zokankhidwa ndi bomba la nyukiliya pobwerera, musazitengere ku kalasi ya sayansi. Koma mukadzaioneranso, yang'anitsitsani pamene chombo chatera pansi, chitseko n'kutseguka. Msilikali akutambasula dzanja, ndipo Roy, yemwe koyambirira kuja sankafuna kuti munthu amukhudze, akuligwira kuti amudzutse.