Komiti ikukana chisankho: kodi mamembala muli ndi mphamvu yanji?

Mayi wina watilembera pa imelo kuti komiti ya bungwe lawo lothandiza ana amasiye yatha zaka zisanu osaitanitsa chisankho. Akafunsa, amangouzidwa kuti "bodi ndiyo ikudziwa." Akufuna kudziwa ngati mamembala angaichotse.

Mayi, yankho lili m'malamulo a bungwe lanu, omwe anaperekedwa ku ofesi ya Registrar General polembetsa, osati pepala limene wapampando amatulutsa m'chikwama pa msonkhano.

Choyamba onani kuti munalembetsa motani. Mabungwe ambiri kuno amalembetsa pansi pa Trustees Incorporation Act, ena ngati kampani yopanda masheya pansi pa Companies Act ya 2013. Njira yoyambayi ndi imene imapunthwitsa anthu. Malo, galimoto ndi nyumba zimakhala m'manja mwa matrasiti, anthu oikidwa kuti asunge katundu m'dzina la bungwe, ndipo malamulo ena amati trasiti akachoka, otsalawo ndiwo amasankha wolowa m'malo. Zikakhala choncho, voti yanu imathera pa komiti yoyendetsa ntchito, matrasiti simungawakhudze pokhapokha mutasintha ndimeyo. Musayerekeze ndi kopaletivi kapena SACCO, kumene membala aliyense ali ndi voti imodzi ndipo bodi imasankhidwa pa msonkhano waukulu.

Kenako fufuzani ndime zinayi: wovota ndani, komiti ikhala zaka zingati, msonkhano ukhale ndi anthu angati kuti mfundo zomangidwa zigwire ntchito, ndiponso mamembala angaitanitse bwanji msonkhano wapadera.

Ya wovota ndiyo imagwetsa ambiri. Kawirikawiri amavota ndi amene alipira ndalama zonse za umembala, ndiye komiti yochenjera imangosiya kutolera, tsiku la msonkhano n'kulengeza kuti palibe woyenera kuvota. Lipirani kudzera ku akaunti ya bungwe, sungani risiti, ndipo pemphani mlembi akuonetseni kaundula wa mamembala. Risiti yolembedwa pa pepala la m'kope yopanda chidindo adzaikana, dziwani zimenezo.

Mukakwana chiwerengero chomwe malamulo atchula, lembani kalata kwa mlembi, aliyense asayine, ndipo mulembe poyera kuti nkhani yake ndi chisankho. Chosalembedwa pa mndandanda wa zokambirana amachikankhira kumsonkhano wina. Lemekezani masiku a chidziwitso, omwe mabungwe ambiri amaika 14 kapena 21. Kufupikitsa ndi tsiku limodzi lokha kumapatsa ochotsedwawo poyambira kukhoti.

Akakanabe, kadandauleni ku NGORA, bungwe loyang'anira mabungwe omwe si aboma, ngati munalembetsa ngati NGO, kapena pezani loya. Mukapambana, sabata yomweyo tengani maminitsi osayinidwa mupite nawo kubanki mukasinthe osayinira ndalama.