Za ma alamu a moto m'khitchini, kuyankha achemwali a ku Chitakale

Achemwali, mwafunsa kuti mugule chipangizo chanji choti chizikudziwitsani pa foni moto ukabuka kukhitchini inu muli kuntchito, poti mumaphikira gasi ndi kuka wamagetsi ndipo masana pakhomo pamatsala ana ndi mtsikana wokuthandizani. Ine ndinena za ma alamuwo, chifukwa ndili nawo kunyumba kwanga ku Luchenza.

Musathamangire ma alamu a WiFi, omwe amatumiza uthenga ku foni kudzera pa intaneti. Ine ndinagula ina yoteroyo pa shopu ina ku Limbe, wogulitsa akundilonjeza kuti ngakhale nditakhala ku Joni foni idzalira. Loweruka lina magetsi anathima nyemba zili pa kuka. Tinatseka nyumba n'kupita kumaliro, switch ya kuka ikadali yoyatsa. Magetsi atabwera masana madzi anaphwera, nyemba zinasanduka makala, chogwirira cha poto chinasungunuka, kansalu kopukutira mbale kanali pambali n'kuyamba kunyeka. Foni yanga inali zii. Bandulo ya mu rauta, kabokosi kopereka WiFi m'nyumba, inali itatha dzulo lake, ndipo popanda intaneti alamu ija sitha kutumiza uthenga kulikonse. Chinapulumutsa nyumba ndi phokoso lake: mayi oyandikana nafe, omwe timawasiyira kiyi, anamva kulira kosalekeza n'kulowa kukathimitsa magetsi. Ndiye choyamba muyang'ane kuti alamuyo ndi ya batire ndipo ikulira mokweza, zambiri zimalembedwa 85 dB pa bokosi, umene ndi muyeso wa kukula kwa phokoso. Za foni zibwere pambuyo, ngati muli ndi rauta yokhala ndi batire komanso bandulo yosatha. Ndipo kunena zoona, foni ikalira inu muli kutali mudzachita chiyani? Mudzaimbirabe woyandikana nanu.

Ambiri amasokonezanso mitundu. Alamu ya utsi siikidwa m'khitchini mwenimweni. Mukaika pamwamba pa kuka izilira mukamakazinga usipa, mukamaphika mandasi, ngakhale nthunzi ya madzi a nsima. Pakatha sabata mtsikana uja atopa n'kuchotsamo batire, inu osadziwa. M'khitchini mumaikidwa alamu yomva kutentha, imene imalira mpweya wa kudenga ukafika madigiri pafupifupi 58. Ya utsi muike kudenga kwa khonde lamkati lopita kuzipinda zogona, mamita osachepera 3 kuchokera pophikira. Pogula ya utsi funsani ya mtundu wa photoelectric. Imamva msanga utsi wa chinthu chonyeka pang'onopang'ono, komanso siilira chisawawa ngati ya mtundu wina wotchedwa ionisation. Kuno kwathu chinyezi n'chochuluka, makamaka chiperoni chikagwa, ndiye musaike pafupi ndi khomo la bafa kapena pa windo lokhala chitsegulire.

Gasi ali ndi alamu yakeyake. Gasi wa m'masilinda athuwa ndi wolemera kuposa mpweya, akatayika amatsikira pansi n'kuunjikana m'makona ndi kunsi kwa makabati. Alamu yake iikidwe m'munsi, masentimita ngati 30 kuchokera pa simenti, pafupi ndi silinda. Ndinaiona kwa mnzanga wina ku Thyolo boma ataikhomera pafupi ndi denga, pamenepo ndi chokongoletsa chabe. Dziwaninso kuti zambiri za gasi n'zopulaga pakhoma, magetsi akathima nazonso zagona, pomwe imeneyo ndiyo nthawi yomwe tonse timathamangira kuphikira gasi. Choncho mphuno zigwirebe ntchito. Fungo loipa lija amachita kuthiramo dala kuti muzimva akamatayika. Mukasintha silinda pakani thovu la sopo pa regulator, kachipangizo komangidwa pamutu pa silinda, ndi polumikizira paipi, likamafufuma ndiye kuti akutuluka. Mukamva fungo tsekani silinda, tsegulani zitseko ndi mawindo, osayatsa kapena kuthimitsa getsi lililonse. Ana aphunzitsidwe zimenezi, alamu siwauza.

Simunafunse za mbaula koma ndinenabe. Juni ndi Julayi kukazizira kunsi kwa phiri kuno, anthu amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, wosaoneka ndiponso wopanda fungo. Munthu amangomva mutu ndi chizungulire, akagona osadzukanso. Alamu ya utsi wamba siimva mpweya umenewu. Pali alamu yake ya batire yolembedwa CO. Ngati ana amawotha moto wa makala m'nyumba, ine ndikanayamba ndi imeneyi ndisanaganize n'komwe za WiFi. Koma ngakhale ilipo, mbaula isagone m'chipinda.

Mitengo m'makwacha ikusintha msangamsanga, ndiye ndinena m'madola monga zimaonekera pa intaneti: ya utsi ya batire madola 10 mpaka 15, ya kutentha ndi ya CO cha m'ma 20, za WiFi kuyambira apo kukwera. Zikafika m'mashopu athu muyembekezere kuwonjezerapo ndithu. Ngati mukutuma wachibale wa kunja, zopulaga zikhale za 230V. Za ku America ndi za 120V, zikhoza kupsa tsiku lomwelo. Za ku South Africa zimagwira ntchito koma pulagi yake ndi ya mano obulungira, mufunika adaputala. Zakaunjika zisiyeni. Tembenuzani alamu muone deti kumbuyo, chifukwa za utsi zimayenera kusinthidwa zikakwana zaka 10 chipangidwire. Ndipo dinani batani loyesera muli m'shopu momwemo, musanapereke ndalama.

Amene amati ingoikani kamera m'khitchini, pepani, koma ndani angakhale tsiku lonse akuyang'ana poto pa foni? Kamera idzangokuonetsani bwinobwino mmene nyumba inapsera.

Ndalama ikatsalako gulani bulangete lozimitsira moto mulipachike pafupi ndi khomo la khitchini, osati kuseri kwa kuka komwe simungafikeko moto utayaka. Mafuta akayaka mu poto musathire madzi, amaphulika n'kumwaza moto mpaka kudenga. Thimitsani kuka, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, musiye pomwepo mpaka azizire. Kwathu tsopano lamulo n'lakuti magetsi akangothima, amene ali pafupi athimitse switch ya kuka ya pakhoma asanayambe kusaka kandulo. Alamu timaidina kamodzi pamwezi, ndipo ikayamba kulira pang'onopang'ono ngati kamwanapiye ndiye kuti batire latha, musinthe tsiku lomwelo.