Kodi ndiyambe kulandira ndalama zaukalamba za bambo a ana, zanga zizikula kaye?

Mayi wina wa ku South Bend, Indiana, ku America, wandilembera imelo yofunsa za Social Security, ndalama zimene boma la kumeneko limapereka mwezi ndi mwezi kwa anthu opuma pantchito. Anabadwa mu 1962, anakhala pabanja zaka 14, ukwati unatha kalekale ndipo sanakwatiwenso. Akufunsa kuti: "Ndingayambe kulandira Social Security kudzera mwa bambo a ana anga, yangayo n'kuisiya izikula mpaka ndidzakwanitse zaka 70?"

Mayi, njira imeneyo inalipodi, koma anaitseka. Lamulo la bajeti la 2015 linaisiyira okhawo amene anabadwa pasanafike pa 2 January 1954, ndipo onsewo zaka 70 anakwanitsa kale. Inuyo mukangolembetsa, boma limatenga kuti mwapempha zonse ziwiri pakamodzi. Limakupatsani yanu, ndipo ngati theka la ya bambowo, lomwe ndi gawo limene mungalandire kudzera mwa iwo, likuposa yanuyo, limangothirapo yotsalayo.

Kumbali yanu kuyenera kokha mukuyenera: mwa zina, amafuna ukwati wa zaka 10, msinkhu wa zaka 62, komanso kuti musakhale pabanja lina. Bambowo sachotseredwa ngakhale senti, choncho musavutike mumtima.

Nkhani yagona apa. Msinkhu wanu wolandira ndalama zonse ndi zaka 67. Mukadikira kupitirira pamenepo, yanu imakwera ndi 8 peresenti pachaka mpaka 70, kutanthauza 24 peresenti. Koma theka lija silisuntha. Likafika pa 67 laima, ngakhale bambowo atadikira mpaka 70.

Tiyerekeze kuti ya bambowo ndi $2,400 pamwezi, theka lake $1,200. Ngati yanu ndi $900, pa zaka 70 idzakhala $1,116, yosafikabe pa theka lija. Ndiye kuti mwadikirira zaka zitatu pachabe, $43,200 yapita osaigwira. Koma ngati yanu ndi $1,100, pa 70 idzafika $1,364, ndipo apa kudikira kuli ndi phindu, makamaka ngati kwanu mumakalamba mpaka kuona zidzukulutudzi. Ine ndikanayamba ndafunsa ku ofesi ya Social Security ziwerengero ziwirizi, nditanyamula setifiketi ya ukwati ndi chikalata cha chisudzulo.

Kuthamangira pa 67 pasanafike nakonso kumadula; amene amayamba pa 62 amapeza 32.5 peresenti yokha ya ndalama ya bambowo m'malo mwa theka.

Bambowo akadzatsogola, sitikuwafunira zimenezo ayi, malamulo ake ndi ena. Ndalama za wamasiye mungayambe kulandira pazokha, yanu n'kumakula mpaka 70, kenako n'kusinthira ku imene ili yaikulu.